Mitsuko ya Nkhanga

Kwathu ku Ndunde dothi loumbira linali m'manja mwa amayi aakulu. Sindikunena kuti mtapo unali wawo, ayi, mtapo unali wa mudzi wonse kumunsi kwa dambo, koma panalibe mkazi wokatapa dothi, kuumba kapena kuotcha mbiya iwo asanavomere. Anali mkulu wawo wa amayi anga, bere limodzi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kuumba poti amayi anga ondibereka dothi linawakana. Akati aumbe mphika unkatuluka wopendekeka ngati waledzera.

Tinkaphunzira awiri, ine ndi mwana wawo wamkazi amene ndinkamuitana kuti achemwali chifukwa anandiposa zaka pang'ono. Tonse tinali titavinidwa, anamwali oyembekezera mabanja. Za achemwali ndinene chilungamo, dzanja anali nalo. Ankatenga kansungwi kosongola n'kuzunguliza mizere yokhotakhota m'khosi mwa mtsuko, osaphonya pokumana mzere ndi mzere, kenako n'kupaka katondo wofiira pakati, n'kukulungiza ndi mwala mpaka mtsuko kuwala. Ine mizereyo ndinkaitha, koma inkanditopetsa. Ndi yomweyo inali pa mitsuko yakale ya pamanda, ndi yomweyo inali pa mitsuko ya dzulo.

Kuotcha mbiya kunali ndi malamulo ake, ndipo aliyense ankawadziwa. Mwamuna safika pamoto. Mkazi amene wagona ndi mwamuna wake dzulo lake safika, chifukwa ndi wotentha, ndipo kutentha kwake kukakumana ndi moto mbiya zimaphulika. Namwali wosakwatiwa ayenera kukhala wozizira nthawi zonse, ndiye mbiya zake zikaphulika anthu safunsa zambiri. Amayi aakulu ankatiuza tikuponda dothi, nkhope ili gwaa, "Mukachita zanu kuseri musavutike n'kundiuza. Ine ndidzamvera pamoto."

Chaka chimene ndikunenachi, ku Mbombwe ankamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomangidwa ndi anthu akuda okhaokha, ndipo chinali chisanafike padenga. Kunali anthu ambiri ofuna mitsuko, ndiye titakolola, ine ndi achemwali tinasenza yathu n'kupita. Mkazi wa mphunzitsi wina anatiitanira pakhonde. Tikutula, ndinaona pampando mbale yoyera yochokera kunja kwa nyanja, yosalala, m'mphepete muli timaluwa, pakati pali mbalame ziwiri za mtundu wa thambo. Ndinaiwala ndi moni yemwe.

Mayiyo anatilola kuigwira. Achemwali anaigogoda ndi chikhadabo kuti amve kulira kwake, n'kuyendetsa chala m'timaluwa tija. Anati amene analemba m'mphepetemo ndi katswiri, koma mbalamezo ndi zachibwana, mbale ikanakoma popanda izo. Ine ndinati mbalamezo n'zoipadi, koma pa chifukwa china. Miyendo yake inali ngati udzu, thupi lopanda kulemera, moti wojambulayo ndikhulupirira sanasosolepo mbalame chibadwire. Tinakangana pakhonde la eni mpaka mayiyo anaseka. Koma mumtima mwanga munali mutalowa kale kanthu. Sindinkadziwa kuti chinthu chamoyo chingakhale pa chiwiya, ndipo ndinaona kuti ine ndingachite bwino kuposa pamenepo.

Pa ntchito ya njerwa ija panali mnyamata wa ku Mauwa amene ananditomera. Sizinali zobisa. Atsibweni anga ankamudziwa, ankhoswe anali atakumana, malo omanga nyumba kwathu anali atamuonetsa. Ndinapita kukamupatsa moni. Kunkaomba mphepo yozizira, ndiye tinaima kuseri kwa uvuni wa njerwa kumene kunali kofunda, dzuwa lili pamutu, onyamula njerwa akudutsa uku ndi uku. Ndinatola kamtengo n'kumujambulira nkhanga pa njerwa yaiwisi. Anaseka, nati, "Iwe, undichotsetsa ntchito! Koma ndi nkhanga ndithu, ikungotsala kulira." Ndinachedwa pang'ono, sindikana, chifukwa ndinajambulanso ina. Nditabwerera kumsewu ndinapeza achemwali atakhala pa nkhata yawo, ndipo njira yonse sanandifunse kanthu.

Titafika kwathu ndinayamba. Sindinafune nkhanga yongolemba ndi kamtengo. Ndinkaumba mtsuko bwinobwino, ukalimba pang'ono n'kutenga nthongo ya dothi n'kuimata paphewa pake, kuikankha ndi chala chachikulu mpaka msana wa nkhanga utatumphuka. Mutu ndinkautsitsa pansi, khosi kulitambasula, chifukwa nkhanga ikamathawa m'munda imatero. Mawanga ndinkaboola ndi phesi la udzu n'kuthiramo dothi loyera. Zinkathamangitsana mbali imodzi ya mtsuko, iyi pambuyo pa iyi. Abale inu, sindinakondwepo ndi ntchito ngati masiku amenewo. Amayi ankachita kundikalipira kuti ndikadye.

Amayi aakulu anabwera, anaima, anayang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Mtsuko ndi wa madzi," anatero. "Nkhanga zikufunapo chiyani?"

"Zikukongoletsa, amayi."

"Oho."

Basi, anapita. Sanandiletse. Munthu amene ankatiphwanyira mphika chifukwa cha mlomo wopotoka pang'ono, tsiku limenelo anangoti oho. Nthawi imeneyo ndinkati ndawagonjetsa. Ndinali mwana.

Mbiri inayenda mitsuko isanaume n'komwe. Akazi opita kudambo ankapatuka kudzasuzumira. Mkazi wina wa Chiyao wogulitsa nsalu anati mtsuko wina ndimusungire. Mayi wina wa Chilomwe, mmodzi mwa amene anali atangofika kumene kuchokera kuseri kwa Mulanje, anandigwira dzanja n'kulitembenuza, nati iyeyo ndidzamuikire njiwa. Onsewa ankalankhula ataima pafupi ndi mitsuko ya achemwali, yokongola ngati kale, koma palibe anaitchula. Achemwali ankangokulungiza, mutu uli pansi.

Mbiya zonse zinkaumira m'kanyumba kophikira ka amayi aakulu. Sabata imeneyo kunagwa chiperoni, kamvula kaja kowaza ndi nkhungu, phiri la Chiradzulu osaoneka. M'mawa wina ndinalowa kukaona mitsuko yanga, ndipo ndinapeza siili mmene ndinaisiyira. Ine ndinkaiika nkhanga zitayang'ana kukhomo kuti zizipitidwa mphepo. Tsopano zinali zitayang'ana kukhoma, ndipo pansi pa mtsuko wina panali ponyowa. Ndinayang'ana kudenga. Udzu unali watsopano, wofoleredwa chaka chomwecho.

"Wagwira mitsuko yanga ndani?"

"Ndine," anatero achemwali. "Ndimaitembenuza kuti iume mbali zonse. Ndalakwa kukuthandiza?"

"Nanga madziwa?"

"Madzi ati? Kunja kukugwa chiperoni, iwe ukufunsa za madzi?"

Mayankho onse anali abwino. Ndi zimene zinandipsetsa mtima, chifukwa munthu sungagwire pena paliponse.

Tsiku lootcha anasankha ndi amayi aakulu, monga mwa nthawi zonse. Ine ndinatenga mtsuko umodzi n'kugunditsa msana wa nkhanga patsaya langa, mmene iwo omwe anatiphunzitsira, ndipo ndinamva kuzizira. Ndinati, "Amayi, yangayi ikuoneka ngati sinaumitse. Bwanji idikire?"

"Lero ukuphunzitsa ine kuuma kwa dothi? Nkhuni tatola kale. Senza."

Tinkaotchera pa kadzenje kuseri kwa chulu, m'mamawa mphepo isanadzuke. Poyala mbiya amayi aakulu ankayala okha. Za achemwali ndi zawo anaika pakati, zanga anaika m'mbali, kumene moto umayambira. Tinaunjika makungwa, nkhuni ndi udzu, iwo n'kuyatsa. Akazi anali ambiri tsiku limenelo kuposa masiku onse, ofuna kuona nkhanga zikutuluka pamoto.

Moto usanakolere n'komwe tinamva phu! Mapale anauluka. Kenako phu! winanso. Akazi anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Ine ndinangoima ndikumva mitsuko yanga ikutha umodziumodzi. Moto utazilala anafukula ndi mitengo. Yanga yonse inali mapale, ndipo phale lina linang'ambanso nkhali yaikulu ya amayi aakulu. Ya achemwali inatuluka yamphumphu.

Ndiye ndinaona kuti akazi aja sakuyang'ananso mapale. Ankayang'ana ine, ndipo sankayang'ana kumaso, ankayang'ana pachifuwa ndi pamimba.

"Ku Mbombwe kuja," anatero amayi aakulu, mawu ali pansipansi, "akuti unachedwa kuseri kwa uvuni."

Akuti! Akuti ndani? Tinapita awiri. Ndinatembenukira achemwali, iwo ali kalikiliki kutembenuza phale ndi kamtengo ngati ataya mkanda m'phulusa.

Pakamwa panga sipanandithandizepo pa moyo wanga, ndipo tsiku limenelo panandipweteketsa. Ndinakuwa. Ndinati mitsuko yanga ina anainyowetsa dala, ndinati anaiotcha yaiwisi, ndinati anaiika kumoto woyamba kuti iphulike. Ndinatchula ndi chiperoni chomwe. Mayi wina wachikulire anapukusa mutu, nati wosalakwa salongolola chonchi. Amayi anga anandikoka pa nsalu akulira, "Khala chete, mwana iwe, ukuonjeza."

Nkhani yotere siyenda pansi. Dzuwa lisanapendeke atsibweni anali atamva, ndipo posakhalitsa inafika ku Mauwa. Kumeneko inaipiratu. Mnyamata uja anawalumbirira akwawo kuti sanandikhudze, ndipo ananena zoona. Koma akwawo anati, chabwino, ngati si iwe, pamene mbiya zaphulika, ndiye kuti alipo wina. Kusalakwa kwake kunasanduka mlandu wanga.

Anabwera yekha tsiku lina masana. Tinakhala pakhonde la amayi, iye uko ine kuno, chipewa chili pabondo. Ankayang'ana nkhuku.

"Ine ndikudziwa kuti si ine," anatero.

"Inenso ndikudziwa kuti si inu."

"Nanga ndani?"

Mayo ine! Munthu amene anaona ndi maso ake chimene ndinkachita kuseri kwa uvuni. Ndinati, "Inu mumaotcha njerwa. Njerwa ikaphulika mumafunsa kuti wagona ndi yani?" Anati njerwa ndi zina, mbiya ndi za akazi, iye sangazidziwe. Sananene kuti akundikhulupirira, sananenenso kuti sakundikhulupirira. Anatsanzika mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo unandiwawa kuposa kutukwana.

Atsibweni anaitanitsa bwalo la pabanja pansi pa mtengo wa mango. Analipo iwo, amayi, amayi aakulu, ndi azakhali ake a mnyamata amene anachokera ku Mauwa. Ine anandikhazika pamphasa pakati. Atalankhula onse, amayi aakulu anakonza kukhosi.

"Mwanayu ndi wanga, sindifuna kumunamizira. Aumbenso. Dothi lomwelo, dzanja lomwelo, koma miphika wamba, yopanda kanthu kalikonse. Tidzaotcha yake yokha. Ikaphulika, ndiye kuti vuto lili m'thupi mwake. Ukwati uthe, ndipo dothi asadzaligwirenso. Ikatuluka yamphumphu, mwanayu ndi wozizira, tonse timupepese. Pamenepo tidzadziwa kuti zinaphulitsa mitsuko ndi mbalame zija, ndipo mbalame sizidzalowanso pamoto wa mudzi uno."

Onse anaomba m'manja. Atsibweni anati awa ndiwo mawu a munthu wamkulu. Ine ndinaona msampha nthawi yomweyo, chifukwa mbali zonse ziwiri nkhanga zanga zinali zitafa. Ndinapempha kulankhula.

"Atsibweni, bwanji ndiumbenso ya nkhanga yomweyo? Ndiumitse ndekha m'nyumba mwa amayi, ndisankhe ndekha tsiku. Ikatuluka yamphumphu mudzadziwa kuti ine ndilibe mlandu, nkhanganso zilibe mlandu."

"Nanga ikaphulikanso?" anafunsa amayi aakulu. "Tidzati ndi iwe kapena ndi mbalame? Alendowa adzabwerera ku Mauwa ndi yankho lanji?"

Azakhali aja anagwedeza mutu, nati iwo anabwerera za mtsikana, za mbalame alibe nazo ntchito. Atsibweni anandiyang'ana ndi diso lija lakuti ukayankhulanso uona. Nkhani inathera pomwepo.

Mpaka lero, tsitsi lonse layera, sindidziwa chimene chinaphulitsa mitsuko ija. Mwina nthongo za nkhanga zinali zochindikala, mkati mosauma. Mwina ndi chiperoni. Mwina ndi dzanja la munthu ndi chikho cha madzi. Mwina amayi aakulu ankadziwa kuyambira tsiku la oho lija kuti dothi lomata chonchija silipirira moto wofulumira, n'kungondisiya kuti moto ukawanenere zimene iwo sanafune kunena pakamwa. Ndakhala nawo mudzi umodzi anthu awiriwa, amayi aakulu ndi achemwali, mpaka kuwaika m'manda, tadyera limodzi, talera ana limodzi, ndipo palibe tsiku ndinawayang'ana popanda funso limeneli. Koma chimene ndinaona ndi maso anga pa miphika yachiwiri ija ndichinena.

Ndinaumba miphika wamba, yosalala, yopanda ngakhale mzere. Ndinkailondera ngati nkhuku ya mazira. Achemwali akati alowe m'kanyumba kaja kukapala moto, ine ndili pambuyo pawo. Popita kudambo ndinkaitana amayi kuti akhale pakhomo. Koma kulondera konseko kunali kwachabe, chifukwa ulendo uno amayi aakulu ndi amene ankaisamala kuposa ine. Chiperoni chinatha, kunja kunayera, ine ndinati yauma. Iwo anati ayi, idikire. Inadikira. Anaitulutsa padzuwa, anaibweza, anaitulutsanso. Dzulo lake la tsiku lootcha anaiyandikiza pamafuwa kuti ifunde pang'onopang'ono, n'kumaigunditsa patsaya umodziumodzi. Zonsezi ankazidziwa. Mitsuko yanga ya nkhanga sanaichitire ngakhale chimodzi mwa izi.

Ndinawafunsa. Ndinati, "Amayi, bwanji ija simunaifunditse chonchi?"

"Ija sinali ndi ukwati wako mkati," anatero, osatembenuka.

M'mawa wa tsikulo kuseri kwa chulu kunadzaza akazi, ena ochokera midzi ina. Azakhali a ku Mauwa anakhala patsogolo pa kampando. Amayi anga anali atabisa lichero la ufa kumbuyo kwa chitsamba. Amayi aakulu anayala miphika yanga pakati penipeni, anaiphimba bwino ndi makungwa, n'kuyatsa moto wofatsa, kuuonjezera pang'onopang'ono.

Ndinaima ndikumvetsera. Udzu unathetheka, nkhuni zinayamba kulira. Kanthu kakangoti the, akazi onse ankadzidzimuka n'kundiyang'ana. Ndipo pamene ndinaima paja ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Khutu langa linkadikira phu, ndipo silinkadikira mwamantha okha. Mbali ina ya mtima wanga inkafuna. Mphika umodzi wokha ukanaphulika, ine ndikanatha, ukwati ukanatha, dzina langa likanakhala nyimbo ya pamtondo. Koma anthu akanati nkhanga zija zinalibe mlandu. Ndinkafuna mwamuna uja, ndinkafuna amayi anga ayende mutu uli m'mwamba, ndipo ndinkafunanso phu. Ndinaluma nsonga ya nsalu yanga kuti ndisalire.

Moto unakwera, unafiira, unayamba kutsika. Sipanamveke kanthu.

Anafukula ndi mitengo, n'kuitulutsa ili psuu, n'kuiwaza madzi a makungwa mpaka inachita mawanga akuda. Itazizira pang'ono amayi aakulu anatenga woyamba, anaukweza m'mwamba kuti onse aone, n'kuugogoda ndi chala. Unalira ngwee. Anatenga wachiwiri, ngwee. Anagogoda yonse, osadumpha, ndipo yonse inalira bwino.

Nthungululu zinaphulika. Amayi anga anathamangira lichero lija, anandithira ufa kumutu, akuvina, akugwa, akudzuka. Azakhali a ku Mauwa anandikumbatira, nati apongozi athu, tikhululukireni, nyumba imangidwa mvula isanagwe. Mayi wachikulire uja amene anati wosalakwa salongolola anali patsogolo povina. Achemwali nawo anabwera, anandipukuta ufa m'maso ndi nsalu yawo, nati, "Ine ndinkadziwa, m'bale wanga."

"Mwaona nonse," anatero amayi aakulu mokweza. "Mwana wanga ndi wabwino. Zinali mbalame zija."

Pamenepo ndinalira, kulira kwenikweni kokhala pansi, ufa ukusanduka phala m'masaya. Akazi ankati taonani, chimwemwe chamukulira, musiyeni alire. Amayi aakulu anawerama, anandigwira paphewa, n'kulankhula mofatsa ngati kale lonse.

"Pukuta misozi. Mawa ulawire tikatape dothi. Alendowa aikonda miphika yako, akuti uwaumbire ina yonga yomweyi."

Ndinalawira.